A Fredson ndi Chitsulo cha pa Esiteti

Alamu anga a Fredson Mbewe adapempha mavoti kuti mpando wa khansala udzakhale wopanda munthu. Ndikulemba pano ali pampando womwewo chaka chachisanu ndi chiwiri, ndipo mkazi wawo Agnesi, yemwe ndi mng'ono wanga, adawasokera kakhushoni chifukwa msana wayamba kuwavuta. Anthu akandifunsa kuti zidayenda bwanji ndimayamba ndaseka, koma nkhaniyi sindiiseka mpaka kumapeto.

Ine ndine Fainala, wa konkuno kwa Kapelula. Fodya ndidabadwira momwemo, manja angawa akhoza kusankha tsamba ndili chitsinzinire. A Fredson si akuno. Adabwera m'mudzi mwathu ngati mkamwini, atanyamula chikwama chimodzi cha zovala ndi katoni ya mapepala, ndipo yolemera inali katoniyo. Makolo awo anali matenanti pa esiteti ina cha ku Chisemphere, anthu olima fodya wa bwana m'munda wa bwana, kudya phoso la bwana. Pa esiteti imeneyo panali mtengo wa mthethe, ndipo pamtengopo pankalendewera chimbale chakale cha pulawo ya thirakitala. M'bandakucha uliwonse kapitawo ankachimenya ndi nyundo, katatu mofulumira, kupuma, katatu kenanso. Wochedwa kutuluka ankadulidwa phoso.

A Fredson amasimba kuti ali ndi zaka khumi ndi ziwiri adaona bambo awo akudwala malungo, thupi lonse lili njenjenje, atamva chitsulocho n'kudzuka pamphasa, kuthamangira kumunda opanda malaya. Kapitawo sadawaitane ayi, tsikulo anali atawalola kale kuti agone. Idamva ndi miyendo yokha. Adakagwa pakati pa mizere, ndipo patatha masiku anayi adamwalira. Nkhaniyi ndaimva maulendo osawerengeka, pamaliro, paukwati, ngakhale pachigayo, moti ndimadziwa ndi pamene amapumira. Koma ndi yoona, amayi awo adanditsimikizira. Kuyambira pamenepo adalumbira kuti pa moyo wawo sadzamenyera munthu chitsulo, ndipo sadzalola kuti wina awamenyere.

Lumbiro lokhalo likadakhala bwino. Chidaononga zinthu ndi kuwerenga. Atalekeza Folomu 2 adakagwira ntchito yosesa pa ofesi ina ya aphunzitsi ku Boma, komwe mphunzitsi wina wandevu ankawabwereka timabuku ndi mapepala. M'menemo ndimo adatola chiphunzitso chawo. Chili ndi dzina la Chingerezi limene lilime langa limakana, koma mutu wake ndi wakuti anthu akhoza kukhala popanda wowalamula: popanda bwana, popanda kapitawo, mapeto ake popanda ndi boma lomwe. Ena a chiphunzitsochi akuti amafuna kugwetsa zonse tsiku limodzi. A Fredson ayi, iwo ndi a mpingo wofatsa. Njira yawo inali ya mbali ziwiri. Poyamba ogwira ntchito akhale eni ake a ntchitoyo, azigwirira pamodzi n'kugawana mofanana. Kenako anthu a maganizo amenewa alowe m'zisankho, atenge mipando, azibweza mphamvu kwa anthu mpaka mpandowo utsale wopanda ntchito. Ukawafunsa kuti zimenezi zidzatheka liti, yankho linali limodzi: "Pang'onopang'ono, alamu."

Tangoganizani. Mkamwini wolima munda wa apongozi, mbuzi alibe, njinga yobwereka, koma akufuna kuthetsa boma. Achimwene athu ankachita kutuluka m'nyumba iwo akayamba kulalikira. Amayi okha ndiwo ankawaikira kumbuyo. "Asiyeni," ankatero, "bola samwa."

Chiphunzitsocho adayamba kuchiyesera pabanja. Tsiku la chinkhoswe adalengeza kuti m'nyumba mwawo simudzakhala mutu wa banja. Ankhoswe adayang'anizana. Agnesi, yemwe sapusa, adavomera msangamsanga, ndipo kuyambira tsiku limenelo mutu wa banja ndi iye. Ana awo atatu adakula akuitanidwa kumsonkhano wokambirana woti akatunge madzi ndani, msonkhano ukatha ndowa ankanyamula ndi bambo awo. Ku tchalitchi adawasankha kawiri kuti akhale mkulu wa mpingo, kawiri konse adakana, ati pamaso pa Mulungu palibe wokhala kutsogolo. Abusa adawafunsa ngati kumwambanso akufuna kukachotsako Mfumu. A Fredson adayamba aganiza kaye asanayankhe, ndipo kuganiza kumeneko kudawaimitsa mgonero miyezi itatu.

Chimodzi ndiwapatse, poti sindine wabodza. Ulesi alibe. Munda wa amayi umene achimwene ankati ndi wotha nthaka adaulima mpaka udabereka, ndipo zaka zonsezo palibe adawamvapo akukweza mawu kwa munthu, kwa mwana, ngakhale kwa galu.

Chaka china fodya adatigwetsa tonse. Mavenda ankayenda ndi masikelo awo m'midzi kugula tsamba labwino pamtengo wa zinyalala, chifukwa munthu pawekha sunkakwanitsa kudzaza belo, kupeza jeke yodindira, kenako galimoto yopita nayo ku okushoni. Apa m'pamene ulaliki wa a Fredson udapeza makutu. Mabanja khumi ndi awiri tidagwirizana kuyambitsa kopaletivi: nazale imodzi, chigafa chimodzi chachikulu choyanikamo fodya wa tonse, ntchito pamodzi, zopeza kugawana mofanana. Ine sindidalowe chifukwa cha chiphunzitso. Mwamuna wanga adapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera, adandisiya ndi mwana wamkazi mmodzi, Tiyamike, ndipo mkazi yekha samanga chigafa.

Dzina adapereka ndi iwo, Tonse Ndife Eni. Malamulo anali atatu, ngakhale iwo ankati si malamulo koma mapangano. Pasakhale wapampando. Munthu asauze mnzake kuti chita chakuti. Ndipo pasadzamveke chitsulo, belu kapena mluzu woitanira anthu ku ntchito. Chilichonse tizikambirana titakhala pansi mozungulira mpaka aliyense avomere. Msonkhano wosankha malo a nazale udatenga masiku awiri, ndipo tidasankha pamene nazale inkakhala kuyambira kale, pafupi ndi chitsime cha kudambo.

Pamsonkhano woyamba womwewo a Kalekeni adakweza mkono. A Kalekeni ndi bambo wachikulire amene adatha zaka makumi awiri ali tenanti. Esiteti yawo itatsekedwa, chimene adabwera nacho kumudzi ndi chimbale cha kapitawo chokha, chomwe ankamwetseramo abakha kuseri kwa nyumba.

"Ndamva zonse, a Mbewe," adatero. "Koma munthu akachedwa, amukalipira ndani?"

"Palibe, bambo."

"Nanga tizidzuka bwanji?"

Tidaseka mpaka misozi. A Fredson adafotokoza ola lathunthu kuti munthu akadziwa kuti ntchito ndi yake, umamudzutsa ndi mtima wake womwe. A Kalekeni adagwedeza mutu mwaulemu ngati mmene timachitira ndi mlaliki wachilendo. Palibe adazindikira kuti mkuluyo ndi yekhayo amene adafunsa chanzeru tsiku limenelo.

Chodabwitsa n'chakuti zidayenda. Zaka zitatu zathunthu zidayenda, ndipo ndikuuzani chimene chinkaziyendetsa, poti mwini wake sankachidziwa. Tambala wachiwiri akangolira, pabwalo panga pankamveka mapazi, kenako mawu.

"Odi kuno! Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Ndadzuka, kaya inu?" Ndikuyankhatu ndili m'bulangete, maso osatsegula.

"Ndadzuka. Chifuwa cha Tiyamike chili bwanji? Ine ndimangodutsa, ndikupita kunazale. Mame agwa bwino lero."

Basi. Sankanena kuti tiyeni. Ankachoka n'kupita khomo lina, kwa a Kalekeni kukapempha moto, kwina kukafunsa ngati mbuzi yosowa ija idapezeka, makomo khumi ndi limodzi tsiku ndi tsiku. Tsono ndani angabwerere kukagona atayankha moni wa mlamu wake, n'kumumva akutsetsereka kudambo zitini zothirira zikulira gobedegobede? Ankatidzutsa ndi manyazi. Ndinkavala ndikutukwana chamumtima, ndipo ndikafika kudambo ndinkapeza anzanga nkhope zili ngati yanga. Panali bambo wina amene manyazi sankamugwira msanga. Ameneyo a Fredson ankangomudutsira kawiri, ulendo wachiwiri n'kumufunsa ngati wadwala, mpaka naye adazolowera kudzuka.

Ndiye pamsonkhano munthu uja n'kuimirira monyadira. "Mwaona, abale anga? Popanda chitsulo, popanda kapitawo, aliyense amafika pa nthawi yake mwa kufuna kwake!" Ife maso pansi, kumatokosa dothi ndi timitengo. Tikadawauza bwanji? Fodya ankatuluka wabwino, tidagula jeke yathuyathu, nyumba zisanu zidafoleredwa malata, yanga m'gulu lomwelo. Anthu a mabungwe ankabwera kuchokera ku Boma kudzatijambula titakhala mozungulira. Zinthu zikamakoma munthu sufunsa zambiri.

Chaka cha zisankho za mu Meyi chija a Fredson adati mbali yoyamba yatheka, tsopano yachiwiri. Adaima paokha pa ukhansala, chizindikiro chawo mpando wopanda munthu. Opikisana nawo ankagawa nsalu, sopo ndi mchere, iwo ankagawa mafotokozedwe. Ndidapita nawo kumsonkhano wina pamsika, ndikuchita manyazi ngati woimayo ndine. Mayi wina adafunsa ngati adzawakonzera mjigo umene udafa chaka chatha.

"Mudzakonza nokha, mayi. Ine ntchito yanga idzakhala kuchotsa okuletsani."

"Palibe akutiletsa, bambo. Tikusowa sipeya."

"Pang'onopang'ono, mayi."

Anthu adaseka, ena n'kumati munthuyu mapepala adamuzunguza mutu. Mavoti awo nthawi imeneyo sakadadzaza chipewa.

Koma kwathu kuno zidasintha mwa mtundu wina. Nkhope yawo itangooneka papepala lomata pamtengo wa pachigayo, atavala jekete la achimwene, anthu a m'kopaletivi adayamba kuwatchula kuti bwana khansala. Akagwira khasu wina ankawalanda. Akakhala pansi wina ankathamangira mpando. Iwo ankakana mpaka thukuta, anthu n'kumanong'onezana kuti bwana athuwa ndi odzichepetsa bwanji.

Wadi yathu ndi yaikulu, panjinga sungaizungulire n'kubwera kudzagona kwanu. Mwezi wa Malichi a Fredson adayamba kugonera konko kokopa anthu, kwa akulu a mpingo ndi kwa anzawo. M'mawa woyamba wopanda odi ndidagona mpaka dzuwa kulowa pazenera, ndipo sindinama, tulo take tinali tokoma ngati uchi. Wachiwiri chimodzimodzi. Ntchito sidaime ayi, tinkapitabe kukathyola ndi kusoka fodya, koma wina eyiti koloko, wina teni, wina kungotumiza uthenga kuti mutu ukumupweteka. Chaka chimenecho fodya adabereka kwambiri, ndipo tinali titapangana kumanga chigafa chachiwiri. Chidaima mphanda ndi mitengo ya denga yokha, udzu ndi pulasitiki zili mulu pambali. Posowa malo tidangopanikiza mikangala, timitengo timene timapachikapo fodya wosoka, m'chigafa chakale chija mpaka dzanja kulephera kulowa pakati.

Kenako kudabwera mvumbi. Wosalima fodya amvetse apa. Fodya wa m'chigafa amauma ndi mphepo yodutsa pakati pa masamba. Mukamupanikiza, kunja n'kukhala chinyezi masiku angapo, amachita thukuta, amada, amagwira chuku, ndipo tsamba limene mwalisamalira kuyambira Seputembala limasanduka manyowa lili m'mwamba momwemo. Mankhwala ake anali amodzi: kufolera chigafa chinacho n'kusamutsa theka la mikangala, anthu onse, tsiku limodzi. Tsiku lachitatu la mvumbiwo fungo lidayamba. Aliyense wa ife adalimva, poti mphuno zathu zidakulira m'fodya.

Ndiye taonani zimene eni ake khumi ndi awiri adachita. Ankabwera awiriawiri, kusuzumira, kununkhiza, kutsonya, n'kubwerera kwawo. Ine ndidauza Agnesi. Agnesi adauza a Kalekeni. A Kalekeni adati tidikire a khansala adzanene. Mundifunsa kuti bwanji sindidayende m'makomo ndekha, pakamwa ndili napo chonchi. Ndinkaopa kuti adzati Fainala wayamba ubwana. Pangano lija loti munthu asauze mnzake chochita lidatikomera kwambiri masiku amenewo, tonse tidalifunda ngati bulangete.

Tsiku lachisanu Agnesi adawaimbira foni amuna ake, ndipo adafika masana ali chinyowere. Msonkhano udakhala pakhonde la tchalitchi, mabanja asanu ndi awiri okha. Onse maso pa iwo.

"Bwana, nenani chochita," adatero a Kalekeni.

"Ine si bwana, bambo. Fodyayu ndi wathu tonse. Inu mukuona bwanji?"

"Ife tikuona mmene mukuoneramo inuyo."

Adazungulirana chonchi mpaka mvula idakulanso. Potsiriza a Fredson adati popeza ena palibe sitingamange mfundo, koma mawa m'mawa adzadutsa m'makomo kudzapereka moni monga kale. Mtima wanga udakhala pansi. Ndidati basi, odi uja wabwerera, fodya wapulumuka.

Ndidaiwala mwambo wathu womwe. Mlamu wodutsa umamuyankhira m'bulangete, koma munthu wamkulu akafika pakhomo pako sungamulole aime pabwalo ngati wogulitsa usipa. Khomo loyamba limene adaodira, mayi wa m'nyumbamo adatuluka akumanga chitenje, n'kugwada. Mpando udatuluka. Moto udakolezedwa. "Ayi, ine ndimangodutsa," adatero a Fredson, koma ndani amamva zimenezo kwa mlendo wolemekezeka? Kukana tiyi wa munthu amene wakugwadira n'kumunyoza, ndipo pajatu ankafunanso mavoti. Adakhala, adamwa. A khomo lachiwiri atamva kuti anzawo apereka tiyi wamkaka adawonjezapo chimanga chootcha. Pofika teni koloko anali atayenda makomo anayi, atamwa makapu anayi, m'khwapa muli nkhuku ya mphatso, kuchigafa kulibe ndi munthu mmodzi yemwe. Kamphepo kouma kamene kadabwera m'mawawo kadapita, mvula idayambiranso.

Ndidawapeza panjira ndi nkhuku yawoyo. Sindidawapatse moni. Ndidawagwira mkono wa jekete n'kuwakokera m'chigafa, Agnesi akutitsatira. Ndidasolola tsamba pakati penipeni n'kuwapanira m'dzanja. Linali lakuda, loterera, lonunkha.

"Alamu, ichi ndi chaka changa chonse," ndidatero. "Sukulu ya Tiyamike ili m'mwambamu. Zikafika mkuja zili chonchi, fodya yenseyu tikataya kudzala."

"Ndikudziwa, alamu. Koma anthu ayenera kudzuka okha. Zaka zitatu akhala akudzuka okha."

"Okha? Adadzukapo yekha ndani? Zaka zitatu mwakhala kapitawo wathu inuyo, kungoti kapitawo waulemu. Chitsulo chathu chinali odi wanu uja."

Adandiyang'ana ngati ndawamenya khofi. "Si zoona zimenezo."

"Afunseni akazi anu."

Adatembenukira kwa Agnesi. Agnesi adayang'ana pansi.

Pamenepo ndikadalekeza, koma pakamwa panga sipadziwa malire. "Bambo anu adafera fodya wa bwana," ndidatero. "Inu mukufuna ana athu agone ndi njala chifukwa cha lumbiro lanu. Kusiyana kwake n'kotani?" Adaika pansi nkhuku ija, yomangidwa miyendo, n'kutuluka mumvula. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero, ngakhale sindidapepese.

M'bandakucha wa tsiku lotsatira ndidamva: katatu mofulumira, kupuma, katatu kenanso. Sindikumbuka kudzuka. Sindikumbuka kutsegula chitseko. Ndili mtsikana ndidagwirapo ganyu pa esiteti nyengo zisanu, kalekale, ndipo ndinkayesa kuti zimenezo zidatuluka m'thupi. Ndidazindikira ndili pachigafa, chitenje chili m'manja, phazi limodzi lopanda silipasi, mtima ukugunda poopa kudulidwa phoso limene kulibe. Woyamba kufika ndinali ine.

Pamtengo wa mango pankalendewera chimbale chija a Kalekeni ankamwetseramo abakha, matope akadali momwemo. A Fredson ankachimenya ndi nyundo. Nkhope yawo sindidzaiiwala. Misozi inkatsika, koma dzanja silinkaphonya, linkadziwa kamenyedwe kake bwinobwino. Pasanathe mphindi khumi mabanja onse khumi ndi awiri anali pamenepo, ndi odwala mutu aja omwe. Chimene chidandinyansa, ndipo chimandinyansabe, ndi nkhope zathu. Tinali okondwa. A Kalekeni ankachita kuseka, akutikita manja.

"Eyaa!" adatero. "Tsopano ntchito yayamba."

Ndipo mwa a Fredson mudatuluka mawu amene sitidawamvepo. "Inu anayi padenga! Azimayi mzere umodzi, mkangala uzidutsa dzanja ndi dzanja! A Kalekeni, musaime ngati mwabwera kudzaonera!" A Kalekeni adathamanga ngati wa zaka makumi awiri. Pofika masana chigafa chatsopano chinali chofolera, dzuwa lisanapendeke mikangala inali itasamuka. Wina tidataya ndithu, mwina gawo limodzi mwa magawo asanu. Wotsalayo adauma bwino, ndipo Tiyamike adamaliza sukulu.

Mbiri idayenda wadi yonse msanga kuposa njinga yawo. Ati m'mudzi mwathu muli mwamuna, akamenya chitsulo anthu onse amathamanga, ndi nkhalamba zomwe. Aja ankaseka mafotokozedwe adati ameneyu ndiye tikumufuna. Adapambana mosavuta. Papepala lovotera anthu adachonga mpando wopanda munthu chifukwa anali atapeza woti akhalepo.

Za chitsulo tidakambirana pamsonkhano wotsatira, ndipo ndi msonkhano wokhawo m'mbiri ya Tonse Ndife Eni umene udatha madzi a tiyi asanawire. A Fredson adapempha kuti chibwerere kwa abakha. Ife tidati chikhale kaye kwa kanthawi, mpaka anthu azolowere kudzuka okha. Tidawabwezera mawu awo omwe, pang'onopang'ono. Akadatha kukana, poti pangano linkafuna kuti aliyense avomere. Koma munthu mmodzi kukaniza mabanja khumi ndi limodzi zimene akufuna, ameneyo si bwana kodi? Adavomera.

Lero kopaletivi ili ndi mabanja makumi anayi, zigafa zisanu ndi ngolo ya ng'ombe. Chitsulo amamenya a Kalekeni, ndipo sitiwatchula kuti kapitawo ayi, timati wokumbutsa nthawi. Wapampando alipo, anthu a mabungwe adati popanda wapampando sangatithandize. Wapampandoyo ndine. Wochedwa katatu timamuchotsera kilo ya fodya pogawana, ndipo lamulo limenelo ndidabweretsa ndine, poti anthu anga ndimawadziwa.

A Fredson nawo kukhonsolo amayesetsa, sindingawanamizire. Chaka choyamba adapempha kuti za chitukuko azigamula ndi anthu m'midzi. Anzawo adawaombera m'manja n'kutumiza nkhaniyo kukomiti, komwe ili mpaka lero. Mjigo wa mayi uja adakakonza okha, sipeya wogula okha, mayiyo ataima poteropo akuonerera. Zisankho zapitazi adati saimanso, anthu adabwera pakhomo kudzagwada, adaima. Katoni ya mapepala ija masiku ano nkhuku ya Agnesi imaikiramo mazira. Ukawafunsa za dziko lopanda mabwana amayankhabe mawu aja, koma motsitsa, akuyang'ana kumbali. Agnesi akuti amadzuka chitsulo chisanalire n'kukankha njinga yamoto mpaka kumsewu, kuti chikamalira akhale ali kutali.

Mwezi wathawu, nyengo yothirira nazale, ndidadzuka ndekha tambala wachiwiri atangolira, sindikudziwa chifukwa chake. Ndili chigonere ndidamva mapazi pabwalo. Ndimawadziwa mapazi amenewo, lamanzere limakhwekhwereza pang'ono. Adafika pakhomo n'kuima. Ndidakhala tsonga, ndikudikira. Zaka zitatu ndidamutukwana odi ameneyo, koma m'mawa umenewo ndinkamufuna ngati madzi akumwa, yankho lili kale pamilomo: ndadzuka alamu, kaya inu. Ndidawamva akukonza kukhosi.

Chitsulo chidalira. Katatu, kupuma, katatu.

Wapampando sachedwa. Ndidatsegula chitseko zitini zili kale m'manja, n'kuwadutsa pakhomo panga pomwe ndikuthamanga, osapereka ndi moni womwe. Nditafika pamphambano ndidacheuka. Anali chiimire pamenepo, chipewa chili m'manja, akuyang'ana chitseko chimene ndidasiya chosatseka.